Maina pa Khoma la a Msiska

Woyamba kuona ndinali ine, chifukwa ndine ndinkasesa khonde lawo. Unali m'mawa wa Lachiwiri, kukuwaza kamvula kaja ka kuno ku Mzuzu kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa, mwana wanga wamng'ono Chisomo ali kumbuyo, tsache lili m'manja. Nditakweza maso pa khoma lakuda limene a Msiska ankalembapo, mawu onse a dzulo lake anali momwemo, mizere yake yowongoka bwinobwino, koma pamalo amodzi pokha munthu anali atapala ndi mpeni. Osati kufufuta ndi nsanza ayi. Kupala, penti kuchoka, pulasitala kuchoka, mpaka njerwa kuonekera, malo aakulu ngati chikhatho changa. Chingerezi sindichidziwa koma maina ndimawerenga, ndipo ndinkadziwa dzina limene linali pamenepo. Linali la Tiwonge, mwana wa NyaMhango wa kuseri kwa mpanda, amene tinamuika m'manda Loweruka lapitalo.

Chitseko chinatseguka ine ndili chiimire.

"Mwawuka uli, anyina Tadala?" anatero a Msiska m'Chitumbuka, ponditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba.

Ndinangoloza ndi tsache. Anavala magalasi, n'kuyandikira, n'kupisa chala m'bowomo ngati akuyesa kuya kwa bala.

"Anali ndi mpeni wabwino," anatero. "Amuna anu sanasiye kasimenti pena pake?"

Pofika masana anali atamata n'kupakanso penti.

A Msiska amwalira sabata yatha ku Ekwendeni, kwa mwana wawo wamkazi. Papita zaka ziwiri chichokereni ku Chibavi, dera la kuno kumene tinkakhala nawo. Ndinamva kwa mayi wina wogulitsa nthochi pamsika, ndipo mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Msiska wake uti?" Tadala ali pambali panga atanyamula jumbo, akundiyang'ana. N'chifukwa chake ndikulemba izi. Sukulu ndinalekera Sitandade 7, mundikhululukire pamene palakwika, mwiniwake wochonga kulibe.

Ife ndife a ku Thyolo. Bambo ake a Tadala amacheka matabwa ku Chikangawa, kunyumba amabwera mwezi ukatha, ndiye masiku ambiri ndinkakhala ndekha ndi ana awiriwa m'kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba ya a Msiska. Iwo anali munthu wamtali, woonda, wa jekete imodzi yabulauni yokhala ndi zigamba m'zigongono, m'thumba mwake mosasowa choko. Anaphunzitsa Chingerezi m'masekondale mpaka kupuma. Akazi awo atamwalira anapaka khoma la pakhonde penti yakuda, n'kukhomera mabenchi atatu, n'kuyamba kuphunzitsa anthu amene ine poyamba ndinkadabwa kuti akufunanso chiyani. Sanali ana asukulu. Anali anthu a madigiri kale, ena anamwino, ena a m'maofesi, otsika pa kabaza atavala nsapato zopukuta, n'kudzakhala pa benchi ngati ana a Sitandade 2. Ankafuna digiri yachiwiri ku mayunivesite akunja, ndipo kuti akutenge kumeneko uyenera kukhoza kaye mayeso ena a Chingerezi olembera pa kompyuta, amene a Msiska ankati amagwetsa ngakhale eni chilankhulocho.

Kaphunzitsidwe kawo ndinakaloweza ndi maso, pochapa ndi poyanika. Ankalemba chiganizo chimodzi chachitali, n'kudula mzere kunsi kwa mbali ina yake. Pansi pake ankalemba njira zisanu zonenera mbali yomweyo, A mpaka E, zinayi zolakwika, imodzi yokha yolondola. Kenako ankapukusa wotchi yawo yakale ya belu pamutu n'kuikhazika pa zenera. Mphindi ziwiri. Ankati mayesowo safunsa ngati umadziwa Chingerezi, amafunsa ngati umachidziwa pamene akukuthamangitsa. Belu likalira aliyense ankatchula chilembo chake, iwo n'kutulutsa choko chofiira, kukhwatcha, kuzunguliza, kukoka mivi, kusonyeza pamene mneni wasiyana ndi mwini wake, pamene mawu akhala kutali ndi chimene akufotokoza. Choyera chinali cholembera, chofiira chochongera. Sankazisakaniza, ngakhale m'thumba chilichonse chinali ndi mbali yake.

Ankakondanso kunena kuti mawu ena a Chingerezi ndi okwatirana, ukaona mwamuna yang'ana mkazi wake, ndipo usamubweretsere mkazi wa mwini ngakhale akhale wokongola. Mawu oyenda awiriawiriwo ankawaimbitsa ngati nyimbo, anthu akuluakulu a ndevu zawo akuyankhira pamodzi, nayiza-no, ayiza-o, momwe ine ndinkamvera. Amene wafunsa chifukwa chake mawu awa amayenda ndi awa ankamuuza kuti palibe chifukwa, eni ake anazolowera choncho, monga momwe ife sitifunsira chifukwa chimene timati kumwa mankhwala ngakhale ali mapilitsi.

Amene ankakangana nawo kwambiri anali Lusungu, mtsikana wa ku Geisha wa digiri ya za nkhalango, amene mayesowo anali atamugwetsapo kamodzi.

"Asambizgi, aliyense amanena choncho. Ngakhale pa wailesi," ankatero Lusungu, powatcha aphunzitsi m'Chitumbuka.

"Wailesi ikakuchongani?"

"Ndiye dziko lonse likulakwitsa, olondola ndinu nokha?"

"Enya, mama. Pa khonde lino ndi choncho. Khalani pansi, wotchi ikuyenda."

Tsiku lina Lusungu ananyamula chikwama chake n'kunena kuti sadzabweranso kudzanyozedwa ndi nkhalamba. Anabwera mawa lake lomwe ndi bokosi la choko, n'kuliika pa zenera, iwo n'kumupatsa funso lovuta kuposa onse.

Za maina zinayamba chonchi. Mabuku a mayesowo anali ochokera kunja, odzaza maina a anthu ndi malo amene palibe ankawadziwa. A Msiska ankati chiganizo chonena za mlendo umachikhululukira chikalakwa, koma chikanena za mnansi wako umamva msanga kuti chikutsimphina. Ndiye ankachotsa maina a m'bukumo n'kuikamo athu. Wogulitsa makala, wa kabaza wa pakona, ana a m'mipanda yonse yozungulira. Ndipo ndinene zoona, anthu ankakondwa. Ana ankabwera kudzafufuza maina awo pa khoma pochokera kusukulu. NyaMhango yemweyo anabwera tsiku lina ndi mbale ya masuku, ine ndikuona.

"Adada, Tadala wa kwa Alomwe uyu mwamulemba katatu, wanga ayi. Kapena dzina lake ndi lolemera?"

"Tiwonge ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, mama, choko chadula."

"Masukuwa ndi a choko."

Anaseka onse, ine ndemwe ndinaseka. Mawa lake Tiwonge anali pa khoma, ndipo mayi ake anaitana anzawo kudzaona.

Tadala wanga anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakonda kukhala pa sitepe ya khondelo atanyamula mng'ono wake, ine n'kumamukalipira kuti asasokoneze anthu ophunzira, a Msiska n'kumandikalipira ine kuti sitepe si yanga. Loweruka lina belu linalira, a madigiri onse anati C, kenako kamawu kuchokera pa sitepe kanati B. Yankho linali B. A Msiska anatsitsa magalasi n'kumufunsa kuti wadziwa bwanji, iye anati zinazo zikumveka ngati munthu wavala nsapato za mbali imodzi. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kukhala pansi. Kuyambira pamenepo ankamuwerengera ziganizo mokweza dala, ndipo anandiuza kuseri kuti m'zaka zawo zonse zophunzitsa sanaonepo khutu ngati la mwana ameneyu, ndisadzamulole kusiya sukulu ngakhale nditadwala.

Ine ndinakanena pampope. Ndinadzitama ndekha, ndi pakamwa pangapa, kuti mwana wanga akugonjetsa a ku yunivesite. Amayi onse anamva.

Choko chofiira chinagwera dzina la Tiwonge Lolemba lina. Lusungu anandifotokozera pambuyo pake kuti chiganizocho chinkanena za mwana wopita kusukulu mvula ikugwa, koma mawu ake anasanjidwa ngati mvulayo ndiyo inkapita kusukulu, ndiye dzina linkayenera kusuntha kubwera kutsogolo. A Msiska analizunguliza ndi chofiira n'kukoka muvi wautali wolitulutsa pamalo pake. Zimenezo ankachita tsiku ndi tsiku ndi mawu ena. Koma tsiku limenelo linali dzina la mwana, ndipo linagona pa khoma mpaka mawa, aliyense wodutsa akuliona. Lachitatu Tiwonge anatentha thupi. Lachinayi anayamba kukomoka, anathamanga naye kuchipatala, anati malungo aakulu. Lachisanu m'mawa tinamva kulira.

Apa ndi pamene ndimawakwiyira a Msiska mpaka lero. Pa siwa anabwera masana, n'kugwada pakhomo pa chipinda chimene tinakhala amayi, n'kupepesa bwinobwino monga mwa mwambo. NyaMhango anadzutsa mutu n'kuwafunsa m'Chitumbuka, ine ndinamva ndithu, kuti n'chifukwa chiyani anazunguliza mwana wake ndi chofiira. Akanangoti pepani. Akanangolira naye. Koma iwo anali mphunzitsi, munthu akawafunsa funso ankaona ngati akufunadi yankho. Anayamba kufotokoza kuti dzinalo linali pamalo olakwika, linkayenera kuchoka pamenepo, ndipo anapisa m'thumba n'kutulutsa choko kuti ajambule pa simenti. Chinatuluka chofiira. Ndinaona amayi akupinda miyendo mmodzimmodzi, kuchotsa mapazi pafupi ndi dzanja lawo.

Ndipo Lolemba lotsatira analembanso dzina la Tiwonge pa khoma, ndi choyera, m'chiganizo cholondola. Anandiuza kuti mwana sachoka pa khoma chifukwa choti wamwalira. Kumeneko kunali kulira kwawo. Ndilo dzina limene linapalidwa.

Zitatero zinthu zinayamba kuyenda mwakachetechete. Pampope ndikafika nkhani inkaduka, ndowa yanga n'kuisunthira kutsogolo kuti nditunge msanga ndichoke. Ana anasiya kubwera kudzaona maina. Wa makala anayamba kudutsa njira ina. Kenako kunatuluka nkhani ya zithunzi. M'chipinda chochezera cha a Msiska munali zithunzi za ophunzira awo amene anakhoza n'kupita, atavala majasi aakulu, kumbuyo kwawo kuli mbuu, ndipo anthu anayamba kufunsa kuti kodi alipo amene anawaonapo atabwerera. Gogo wina wa kumunsi kwa dambo, amene mwana wake anadutsa pa benchi yomweyo, anati wake sanabwere ngakhale pa maliro a bambo ake, amangomva mawu pa foni, ndipo mawu okha si munthu. Anthu ankagwedeza mitu.

Tsiku lina ndinapeza Tadala kuseri kwa bafa ali ndi switi m'kamwa, amayi awiri atamunjutira. Nditatulukira anaimirira n'kuyamba kufunsa ngati ndili ndi mchere. Atachoka ndinamugwira mkono.

"Amakufunsa chiyani?"

"Amati agogo amatiphunzitsa nthawi yanji. Amati ndikagona ndimapita kuti."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati sindipita kulikonse. Ndiye anati ndinene Chingerezi amve."

"Unanena?"

"Pang'ono."

Kumunsi kwa dambo kunali mneneri wina wa tchalitchi cha tenti amene ankapempherera ana oganiziridwa kuti aphunzitsidwa ufiti. Ankawasunga masiku atatu osadya mpaka aulule, ndipo mwana wanjala amaulula chilichonse, amatchula aliyense. Ndinaonapo kamtsikana kena kochokera kumeneko, kankayenda m'mbali mwa mipanda, sikankayang'ananso munthu kumaso, ndipo palibe mwana ankaloledwa kusewera nako. Ine ndinali mlendo, mwamuna ali kutchire kopanda netiweki, abale anga ali ku Thyolo. Akanabwera kudzamutenga Tadala, ndani akanaima pakhomo?

Ndinapita kwa a Msiska. Ndinawapeza akumwa tiyi wawo wopanda shuga ndi chinangwa chophika.

"Adada, siyani kaye. Mwezi umodzi wokha. Fufutani khomalo, pitani ku Ekwendeni."

"Lusungu akulemba sabata ya mawa."

"Anthu akulankhula."

"Anthu a ku Chibavi akhala akulankhula kuyambira ndisanamere imvi. Malungo ndi udzudzu, anyina Tadala. Dambo lili apa."

"Ine ndikudziwa. Koma akufunsa mwana wanga."

Apo anaika kapu pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kukhomo kwanga kumene Tadala ankasewera ndi mng'ono wake.

"Asadzakhalenso pa sitepe," anatero. Za kusiya kuphunzitsa anakana. Anali ouma mutu chomene, monga amanenera kuno.

Anthu anabwera Lachisanu cha m'ma folo koloko, dzuwa lili bwinobwino. Pa mabenchi panali patatsala anthu awiri okha, Lusungu ndi bambo wina wa ku ofesi ya zamalimidwe. Wotchi inali ikuyenda. Ndinamva kaye agalu, kenako mapazi ambiri, ndipo pamene ndinkati nditenge ana ndilowe anthu anali atadzaza kale bwalo mpaka pakhomo panga. Kutsogolo kunali mlongo wake wa NyaMhango, chikwanje chili m'manja, chogwirira pansi ngati akungopita kumunda. Ambiri ndinkawadziwa. Ena ndinaphika nawo pa maliro omwe aja.

A Msiska anakweza dzanja osatembenuka.

"Kwatsala theka la mphindi."

Ndipo anthu anadikiradi, kaya chifukwa chodabwa. Belu linalira. Anafunsa Lusungu yankho lake, mawu ake osamveka anati D, iwo anati wakhoza, kenako anatembenuka n'kupereka moni kwa gulu lonse.

Mlongo wa NyaMhango sanayankhe moniwo. Anati akufuna zinthu ziwiri. Mdalayu afotokoze za maina ndi zithunzi pamaso pa mneneri, ndiponso kamwana kamene wakaphunzitsa kapite nawo kakapemphereredwe, chifukwa ndi kamene kankasewera ndi Tiwonge. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Wina anandikankha kumsana, ndinapezeka ndili pakati, Chisomo akulira kumbuyo, Tadala ali kutsogolo kwa miyendo yanga, manja anga ali pa mapewa ake.

"Mwana uti?" anafunsa a Msiska. "Aka?"

Mawu amenewo sindinawamvepo kwa iwo. Anali ozizira, onyansidwa.

"Ine ndaphunzitsa madokotala. Ndaphunzitsa anthu amene lero akuphunzitsa azungu. Ndiye mukubwera pakhomo panga kudzanena kuti ndataya choko changa pa kamwana ka mayi wosatha ndi pulayimale yomwe? Kamangokhala apa kudikira makoko a chinangwa. Ndimakathamangitsa tsiku ndi tsiku."

"Mayi ake ananena okha pampope," anatero mayi wina kumbuyo. "Anati kamagonjetsa a ku yunivesite."

"Mayi akewo amafuna kutchuka. Afunseni."

Anandiyang'ana onse. Kwa kanthawi ndinawada a Msiska ndi mtima wanga wonse. Kenako ndinaona kuti sakundiyang'ana ine, akuyang'ana manja anga pa mapewa a mwana.

"Ndinanama," ndinatero. "Ndinkangocheza."

"Tiyeni muone nokha," anatero a Msiska. Anatenga choyera n'kulemba kachiganizo kakafupi, mawu anayi kapena asanu, kawiri, kena pamwamba kena pansi. Anauza bambo wa zamalimidwe uja kuti awerenge mokweza, ndipo anafunsa ngati m'gulumo muli amene anafika Fomu 2. Analipo angapo, a kabaza awiri anati cholondola ndi chapamwamba, n'chosavuta. Izi anazinena monong'ona kwa mlongo wa NyaMhango, koma ine ndinamva, ndipo ndikudziwa kuti Tadala sankafunika kumva.

"Iwe," anatero a Msiska. "Loza."

Ndinalowetsa zikhadabo m'mapewa ake. Sindinkadziwa ngati amvetsa, anali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo munthu amene ankamutcha agogo anali atangomunena kuti ndi wodikira makoko. Ndinamva thupi lake likufuna kupita kutsogolo, kukawaonetsa. Ndinatsina kwambiri. Anayang'ana a Msiska, iwo ankayang'ana wotchi. Kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuloza chapansi.

Lusungu anaseka, kuseka kokweza kouma kumene sikanali kwake. A kabaza aja anasekanso, ena n'kutsatira.

"Ndi ameneyu wophunzira wanga?" anatero a Msiska. "Mukafuna kundinena ufiti nenani, koma musandinene kuti sindidziwa kuphunzitsa. Chotsani kamwanaka apa."

Palibe anandigwira pamene ndinkabwerera m'mbuyo. Maso onse anali atabwerera kwa iwo, ndipo iwo anapitiriza kulankhula, kuwanyoza, kuwatchula maina mmodzimmodzi ndi makalasi amene analekera, ngati munthu amene akuitana agalu kuti asiye mwana alume iye. Mwala woyamba unagunda malata ine ndikutseka chitseko. Ndinakhoma, n'kutsamiritsa tebulo, n'kulowetsa ana kunsi kwa bedi, ine n'kugona kutsogolo kwawo. Ndinamva mabenchi akuthyoka, magalasi a mawindo, mawu a Lusungu akukuwa pa foni, ndiponso phokoso lina lofewa limene sindifuna kulilemba. Tadala sanalire. Ankangopuma m'khosi mwanga. Galimoto ya apolisi itafika ndinasuzumira pa kabowo ka chitseko, ndinaona akuwakweza a Msiska, kumutu atawakulunga ndi mpango wa Lusungu, magalasi palibe. Sindinatuluke.

Mawa lake Lusungu anabwera kudzatenga mankhwala awo ndi jekete. Anaima pawindo langa ngati akumanga chingwe cha nsapato.

"Akuti mwana anasankha bwino. Akutinso musabwere kuchipatala."

Sindinapite. Ku Ekwendeni sindinapiteko, ngakhale ndi pafupi, minibasi imodzi. Ndinamva kuti diso lawo limodzi silinaonenso ndipo sanagwirenso choko. Lusungu analemba mayeso ake n'kukhoza, ali kunja tsopano. Ife tinasamuka sabata yomweyo, bambo ake a Tadala atangofika, katundu pa ngolo, kupita ku Mchengautuwa kumene palibe ankatidziwa. Mapewa a mwana anakhala ndi mabala a zikhadabo masiku ambiri, ndinkamusambitsa m'nyumba.

Nditamva za imfa ya a Msiska ndinapita ku Chibavi ndekha, ana ali kusukulu, nditafunda chitenje kumutu. Nyumba ilipo, sinagulidwe. Malata a pakhonde anazula, mawindo anatseka ndi njerwa zosawotcha zimene zayamba kusungunuka ndi mvula. Khoma lija anagwetsa theka, ndipo njerwa zake palibe anatola, mu Chibavi momwe ngakhale msomali wopindika sugona panjira. Chisoso chamera mpaka pakhomo. Mtengo wa mapeyala wa pakona wabereka kwambiri chaka chino, mapeyala agwa n'kuwolera pansi, ntchentche zili ng'waa, ndipo ndinaona ana atatu ochokera kusukulu akuwoloka msewu asanafike pampandapo n'kudzawolokanso ataudutsa. M'kanyumba kathu mukugona mbuzi. Sindinaime, ndinayenda ngati ndikupita kwina.

Ku sukulu ya kuno Tadala ali Sitandade 4. Teremu yatha aphunzitsi ake anandiitanitsa. Nditapita ndinawapeza akumwetulira, anati mwanayu anawakonza Chingerezi pa bolodi, ndipo atakayang'ana m'buku anapeza kuti wolondola ndi iye. Anati auza aphunzitsi anzawo onse. Kenako anafunsa kuti kodi anamuphunzitsa ndani, munkakhala kuti kale?

Ndinati bambo ake amabwera ndi nyuzipepala. Ndinati tinkakhala ku Thyolo.

Tsiku lomwelo ndinamukhazika pa mphasa, chitseko chotseka. Ndinamuuza kuti asadzakwezenso dzanja pa Chingerezi. Masamu akhoze, sayansi akhoze, Chichewa akhoze mmene angathere, koma pa Chingerezi, mafunso akakhala khumi, anayi alakwitse. Mzuzu ndi wamng'ono, wa kabaza wa ku Chibavi amafika ku Mchengautuwa kangapo pa tsiku, ndipo nkhani ya mwana wodabwitsa imakwera kabaza msanga.

"Mpaka liti, amayi?"

"Mpaka ndidzakuuze."

Lachisanu lililonse ndimatsegula kope lake ndisanayambe kuphika, n'kuwerenga zimene walakwa. Ndinateronso tsiku limene ndinakaona nyumba ija ku Chibavi. Zinali zinayi ndendende. Ndinamuuza kuti wachita bwino, iye anatenga kopelo n'kuliika m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Musade nkhawa," anatero. "Ndimasankha zolakwa zimene anzanga amalakwitsa, kuti aphunzitsi asadziwe."